Ndinaphunzitsa Mkazi Wake Kuyenda

Anzanga, ndinakumana naye ali pamakwerero, akukonza fan m'chipinda chathu cha physio.

Ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu kuyendanso akathyoka kapena akafa ziwalo. Tsikulo ndinali ndi bambo wina pabedi, fumbi la kudenga likumugwera.

"Achimwene, mukuthira fumbi odwala anga."

"Pepani adokotala. Koma fumbili ndi lanu, ine ndangolipeza."

"Sindine dokotala."

"Nanenso sindine injiniya, koma mukandiitana choncho sindikana."

Ndinaseka ndisakufuna. Lamlungu ndinamupeza kutchalitchi kwathu akulimbana ndi mawaya a speaker. Aliyense ankamutcha Amagetsi.

Tinayamba choncho. Ankandidikira ndikaweruka, malaya akununkha waya wopsa. Ankandifunsa zomwe ndikuwerenga, ndikamufotokozera n'kutsutsa zonse kuti andione nditakwiya. Tinkapemphera limodzi pa phone. Atanena za ukwati, ndinamupempha adikire kaye ndikamalize maphunziro omwe ndinapeza kutali.

Anadikira ndithu. Koma mtunda unatidya pang'onopang'ono, ma call akufupika, aliyense "ndili busy". Pobwerera ndinapeza abusa atalengeza kale ukwati wake ndi mtsikana wa mukwaya, mphunzitsi wa ana aang'ono.

Ku ukwatiko ndinapita, m'manja ndinaomba. Ndinadziuza kuti nkhani yatha.

Chaka chatha chitseko cha physio chinatseguka, Amagetsi akukankha wheelchair. Mkazi wake anali atagundidwa ndi njinga yamoto, mwendo unathyoka pawiri, anachitidwa opaleshoni.

Mwamuna atatuluka, mkaziyo anandigwira dzanja.

"Anandiuza za inu, musavutike n'kuyang'ana pansi. Akuti pantchito mulibe masewera. Ine ndikufuna mwendo wanga basi, ana a m'kalasi andisowa."

Chovuta n'chakuti anali munthu wabwino. Ndikamupinda bondo ankakuwa, "Mayo! Mwandipha inu asisi, mulibe chisoni?" kenako n'kuseka misozi ili m'maso.

Amagetsi ankakhala pabenchi pafupi ndi windo, chikwama cha mkazi wake chili pamiyendo. Sitinkalankhula zambiri. Moni, mwadzuka bwanji, basi. Koma ndinazindikira kuti masiku a appointment yawo ndinkasita yunifolomu kawiri.

Ganizo loyamba linabwera mwakachetechete: mayiyu akachira, munthuyu sadzakhalanso pabenchipo.

Lachiwiri ndimachita nalo manyazi kulilemba. Ndili chigwirire phazi la mayiyo, china chake m'mutu chinati, bwanji njinga ija ikanagunda kwambiri...

Ndinatuluka, ndinakasamba kumaso. Ine, wotsogolera mapemphero a achinyamata!

Ndinasala kudya. Ndinapemphera mpaka mawondo kuwawa. Ndikati ndaliponda ganizolo, linkadzukanso ndikangomva wheelchair pakhonde.

Mwendo unalimba. X-ray inatuluka bwino, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti pokwera masitepe ndodo ankangoinyamula, osaitsamira. Inali nthawi yomutulutsa. Koma pakamwa panga panatuluka zina.

"Musafulumire. Ndodo muzigwirabe, mubwerenso sabata yamawa."

"Mukanena inu ndamva," anatero.

Apa, anzanga, sikunalinso kuganiza chabe. Ndinali nditanamiza wodwala.

Madzulo ndinapita kwa achemwali anga, telala. Ndinawapeza akudula nsalu, mapini ali pakamwa. Ndinawauza zonse, ngakhale za njinga zija. Ndinkayembekeza kuti akuwa. Anangolavulira mapini m'dzanja.

"Ukufuna ndikupempherere kapena ndikuuze zoona?"

"Zonse."

"Ganizo siliodira, mng'ono wanga, limangolowa. Ukuyesa ine alamu ako sindinawalakalakirepo zoipa? Funsa lumoli. Koma iwe lako walipatsa mpando, walithiriranso tiyi."

"Ndapemphera, achemwali. Silikuchoka."

"Ndiye ukudikira lichoke kuti uchite zoyenera? Udzakalamba. Mwendo wa mayiyo ukuti chiyani?"

"Wachira."

"Nanga akubwererabe kudzachiritsa ndani?"

Anandigwaditsa pakati pa zidutswa za nsalu, napemphera mwachidule ngati munthu amene kasitomala akumudikira. Sanapemphe kuti ndimuiwale. Anapempha kuti manja anga achite zoona ngakhale mtima ukukana.

Tsiku la appointment ndinatenga ndodo ija n'kuiika kuseri kwa chitseko.

"Yendani."

"Asisi, ndigwa!"

"Simugwa. Mwendo unali bwino kale sabata yatha. Ndinakuchedwetsani popanda chifukwa, ndipo ndinalakwa. Pepani."

Anandiyang'ana. Kenako anayang'ana kubenchi, n'kubwereranso kwa ine. Ndikhulupirira anamvetsa zonse.

"Chabwino," anatero motsitsa mawu. "Lero mwandiuza."

Anayenda. Mwamantha poyamba, manja ali m'mwamba ngati mwana, kenako bwinobwino mpaka pabenchi. Anachotsa chikwama chake pamiyendo ya mwamuna wake n'kuchikoleka paphewa.

"Tibwerenso liti?" anafunsa Amagetsi.

"Musabwerenso. Wachira."

Pawindo ndinawaona akudutsa pabwalo, mwamunayo akufupikitsa mapazi kuti ayendere limodzi.

Sindikunamizani kuti maganizo aja anatheratu. Amabwerabe, makamaka ndikamuona kutsogolo kwa tchalitchi atagwada pamawaya ake. Ndikawazindikira ndimawatchula dzina pamaso pa Mulungu, ndimauza achemwali, ndipo sindiwapatsanso wodwala wanga aliyense. Ndinasinthanso nthawi, tsopano ndimapita kumapemphero a m'mawa.

Anzanga, mayi uja ankadziwa bwino kuti ndine ndani, komabe anaika mwendo wake m'manja mwanga. Munthu akakukhulupirirani choncho, musamulipiritse njala ya mtima wanu.

Ndimamusowabe mwamuna wake. Koma mayiyo akuyenda.