Chilombo Chovala Nsapato

Ndinataya mkazi, mwana amene anali m'mimba mwake, ndi nyumba ya kampani ku Nangongwe, poti inali ya okwatira okha.

Loweruka lija masana, ku holo ya fakitale ankaonetsa filimu ya chilombo chochokera kumwezi, chodya ana asukulu. Anthu anagawikana. Ena ankakuwira mtsikana wa m'filimumo kuti athawe, ena ankaseka: "Ni munthu uyo, onani nsapato!" Ine wa ku koleji ndinatanganidwa kufotokoza kuti khungu la chilombocho ndi mphira.

Mkazi wanga anandikanda kawiri. Kachitatu anaimirira, thukuta lili kamukamu, nati msana wamuvuta, mng'ono wake amuperekeza kuchipatala. Ine sindinanyamuke. Kuchipatalako sanabwereko.

Asanatuluke m'holomo anandinong'oneza: "Khalani, bambo. Mudzandiuze ngati mtsikanayo wapulumuka."