Mapeyala a Morton Apita ku Chikamwini

Mukafika pa Chinakanaka n'kumva chigayo chili zii, dziwani kuti magetsi athima. Mpaka chaka chatha, nthawi ngati imeneyo Morton mukanamupeza kuseri, atakhala pa thumba la madeya, mutu uli pa foni.

Morton ali ndi zaka 26. Anabadwira m'nyumba za pa esiteti ya tiyi kumene bambo ake ankatchola masamba, koma anakulira kwa amayi ake, mtunda wa mphindi khumi kuchoka pamsika. Atalemba Fomu 4 analowa ntchito pachigayo, ndipo mpaka lero nsidze zake zimakhala mbuu ndi ufa ngati za nkhalamba. Ntchito yake imayendera magetsi: akayaka ndi thukuta, akathima ndi tchuthi. Tsiku lina ndinamuwerengera maola amene anakhala pa foni, anakwana asanu ndi limodzi. Anayamba ndi mpira wa ku Ulaya, n'kupita ku nthabwala za pa Tikitoko, mpaka anafika poonera anthu akuchapa makapeti m'mayiko amene sakuwadziwa n'komwe.

Ine ndimamudziwa chifukwa cha mapeyala. Ndimapikula m'midzi n'kukagulitsa pa Chitakale, ndipo mtengo wa pakhomo pa amayi ake ndinkayamba kuuzonda ukangochita maluwa. Mapeyala ena amalowa 70 m'dengu langa. A mtengo umenewo ankati akakwana 40, dengu ladzaza. Mkati mwachikasu, mwamafuta, mopanda ulusi. Pakhomopo amati njere yake anabwera nayo agogo ake aamuna pochokera ku Mozambique.

M'mwezi wa Malichi munabwera nkhani ziwiri pakamodzi. Yoyamba, Morton anatomera Esteri wa ku Thuchila, ukwati mu Okutobala, ndipo monga mwa mwambo wathu, mwamuna ndiye amanyamuka kukakhala kwa mkazi. Yachiwiri, mchemwali wake wamkulu, Christobel, amene malo a pakhomopo ndi ake, ananena kuti chilimwe chino aumba njerwa. Maziko a nyumba yake anagwera ndendende pamene panali mtengowo, ndipo nkhuni zake zinali zoti ziotche uvuni.

"Achimwene, inu mukupita kwa eni ake," anatero Christobel. "Mtengo ukukukhudzani pati?"

"Ndinagwamo katatu mu mtengo umenewu, achemwali. Ndi m'bale wanga."

"Ndiye mumunyamule m'bale wanuyo, mupite naye ku Thuchila."

Christobel ankangocheza, koma Morton anazitengera pamtima. Kudzala njere sikukanathandiza. Aneba awo anayesapo, anadikira zaka zisanu ndi ziwiri, n'kukolola timapeyala tamadzi tonga mazira a nkhuku. Magetsi atathimanso, Morton anafufuza pa foni mpaka anapeza vidiyo ya bambo wina wa chipewa chachikulu, wolankhula Chipwitikizi, akumezanitsa mitengo. Umadula kamtengo kakang'ono ka m'chubu, n'kukang'amba pakati, n'kulowetsamo kansonga ka mtengo umene ukuufuna, n'kumanga ndi pulasitiki. Zikagwirana, zipatso zake zimakhala za mtengo wa kansongako. Mawu sankamva, koma manja ankawaona. Anaionera ka 15.

M'mawa mwake anandiimitsa pamsewu.

"Asisi, mapeyala oola mumataya kuti?"

"Ku nkhumba. Bwanji, pachigayo sakulipirani?"

"Ndikufuna njere zokha. Makumi atatu."

Anazidzala m'machubu kuseri kwa chigayo. Ankathirira m'mawa ndi madzulo, n'kutchinga ndi minga kuopa mbuzi. Pofika Ogasiti timitengo tonse 30 tinali titanenepa ngati pensulo. Anagula malezala, anadula majumbo a shuga n'kupanga timizere tomangira, anakwera mtengo wa amayi ake n'kuthyola nsonga. Anamezanitsa 18. Tina 12 anatisiya chifukwa magetsi anayaka.

Apa m'pamene foni inalowereranso. Morton anajambula ntchito yonse n'kuika pa sitetasi ya Watsapu, atalemba kuti "Dokotala wa Mitengo, tsiku loyamba." Anaonera anthu 31. Tsiku lachiwiri 58. Wina analemba kuti, "Adokotala, tionetseni mkati, mwina mwangomata ndi sopo." Morton anamasula pulasitiki, n'kuonetsa bala pafupi ndi kamera, n'kugwedeza kansonga kuti anthu aone kuti sikakugwa, n'kumanganso. Tsiku lachinayi oonera anafika 112. Kuyambira pamenepo, magetsi akangothima, chipatala chinkatsegulidwa. Ankamasula umodzi umodzi, kujambula, kumanga.

Patatha masabata awiri nsonga zonse 18 zinali bii ngati machesi oyaka kale. Christobel naye anali atapangana ndi anthu a macheka kuti abwere Loweruka.

Esteri sankadziwa chilichonse. Foni yake ndi ya mabatani, sitetasi saona, komanso Morton ankafuna kudzamudabwitsa. Chimene Morton sanachiganizire n'chakuti Esteri amagwira ntchito ku nazale ya esiteti, kumene kusamala mbande ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Lachitatu Esteriyo anadutsa pamalo panga pa Chitakale, ndipo ndinamuonetsa mavidiyo aja.

"Akumasula?" anafunsa, maso ali tong'o.

"Akumasula."

"Tsiku lililonse?"

"Magetsi akathima kawiri, kawirinso."

Anandibwezera foni, n'kumanga chitenje bwinobwino ngati munthu wopita kukamenya nkhondo.

Lachinayi masana ndinakafika pachigayo kuti ndisamve za m'maluwa. Ndinapeza Esteri atanjuta pakati pa machubu, Morton ataima ngati mwana wa sukulu wochedwa.

"A Morton, mukapita kuchipatala akakusokani, mumakamasula bandeji tsiku lililonse kuti anthu a pamsika aone?"

"Anthu amafuna umboni."

"Anthu angati?"

"Handiredi thwelofu."

"Mwa amenewo, ndi angati adzabwere kudzathirira?"

Morton anayang'ana kuchigayo ngati akupempha magetsi kuti ayake. Sanayake.

"Bambo wa mu vidiyo uja sananene zoti osamasula," anatero.

"Mwina ananena. Inu Chipwitikizi munachiphunzira liti?"

Kenako Esteri anatola nsonga imodzi youma, n'kuitembenuza, n'kuyang'ana podula paja. Anatola yachiwiri, yachitatu. Mawu ake anafewa.

"Koma kudula mumatha. Kwathu ku nazale ena chaka chimatha asanadule mosalala chonchi. Chimene simutha n'kusiya."

Lachisanu m'mamawa Morton anakwera mtengo uja komaliza. Anatsika ndi nsonga 12 zokulunga mu nsalu yonyowa. Iye ankadula ndi kulowetsa, Esteri ankamanga. Foni ya Morton inali m'dengu langa pansi pa mandimu, ndipo inalira kanayi popanda woitola. Atamaliza anaika machubu onse m'kireti, n'kumangirira pa njinga, ulendo wa ku Thuchila. Kumeneko Esteri anawaika pamthunzi kuseri kwa nyumba ya amayi ake, n'kupereka lamulo: kuona ndi Lamlungu lokha, manja kumbuyo, masabata atatu.

Loweruka mtengo unagwa. Tsiku limenelo magetsi anayaka kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo Morton anandiuza kuti aka kanali koyamba kuwathokoza. Phokoso la chigayo linaphimba la macheka. Poweruka anadzera njira ina.

Masabata atatu amenewo anali aatali. Ngati nsonga 12 zija zikanauma, panalibenso kokathyola zina. Foni sanaitaye ayi, mpira ankaonerabe, ndipo timu yake ikaluza tonse tinkadziwa. Koma manja ake anali atazolowera lezala. Magetsi akathima ankathyola nthambi za gwafa n'kumayeserera kudula, mpaka anzake awiri a pachigayo ndi mayi wina wogulitsa mandasi anayamba kupikisana naye kuti wodula mosalala ndani. Anamanga kashedi ka udzu, anadzala njere zina 40 zimene ndinamubweretsera. Nditawerenganso maola a pa foni, ndinapeza awiri.

A pa sitetasi sanamusiye.

"Adokotala, odwala ali bwanji?"

"Ali ku wodi," anayankha. "Alendo saloledwa. Ngakhale dokotala amene."

Lamlungu loyamba anapita, anaona, anabwerako. Lamlungu lachiwiri chimodzimodzi, ndipo Esteri akuti anachita kumumenya dzanja kamodzi. Lamlungu lachitatu panalibe kusintha, nsonga zina zitayamba kuda. Sabata imeneyo Morton anagayira mayi wina mgaiwa m'malo mwa gramilu, n'kutukwanidwa mpaka pamsewu.

Pa tsiku la 27 kafoni ka mabatani ka Esteri kanaimba.

"Mubwere Lamlungu."

"Zagwira?"

"Ndati mubwere Lamlungu. Mayunitsi atha."

Ndinapita nawo, poti nkhani ya mapeyala amenewa ndi yanganso. Morton anatsika njinga isanaime, n'kuzungulira nyumba, manja ali kumbuyo osauzidwa. Ine ndinayamba kuwerenga. Machubu asanu ndi awiri anali ndi timitengo touma. Asanu anali ataphukira timasamba tofiirira, tonyezimira, tating'ono ngati makutu a mbewa.

Morton anagwada pansi. Kenako anafunsa motsitsa mawu:

"Kujambula ndi kololedwa?"

"Muime apo," anatero Esteri, akulemba mzere pansi ndi chala cha kuphazi. "Kamodzi."

Mitengo isanu pa khumi ndi iwiri sizoipa kwa munthu woyamba, ndipo ndinamuuza choncho. Esteri akuti ikasamalidwa bwino, zaka zitatu kapena zinayi iyamba kubereka. Dengu langa lidikira.

Ukwati unachitika mu Okutobala, ndipo mvula yoyamba itagwa Morton anakumba maenje pamalo amene apongozi ake anamulozera. Tsiku lodzala kunabwera Christobel, atavala bwino, atanyamula nkhuku ngati mphatso. Anacheza za nyumba yake yatsopano, za malata, za khonde. Kenako anayang'ana machubu aja.

"Achimwene, pakhomo paja dzuwa lanyanya. Ana akusowa pokhala."

"Pepani, achemwali. Ine ndili kwa eni ake. Funsani eni akewo."

Christobel anatembenukira kwa Esteri. "Alamu, umodzi wokha."

Esteri anasankha wonenepa kuposa yonse, n'kuuika m'manja mwa mwamuna wake.

"Kadzaleni nokha," anatero. "Koma muyambe mwawafunsa kumene akufuna kudzamanga khitchini."