Mmene Ndinazulira Chinangwa cha Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinagwira ntchito yolimba kuposa ina iliyonse pa moyo wanga, ndipo mpaka lero ndimalakalaka sabata imeneyo ndikadangokhala waulesi monga mwa nthawi zonse.

Kwathu ndi kufupi ndi Kande, pakati pa msewu wa tala ndi mapiri, kumene malo olima ndi ongopanikizana. Atate anamwalira ndili ndi zaka khumi. Anatisiyira nyumba yofolera udzu, ukonde wong'ambika, ndi munda umodzi wa chinangwa umene unkayambira kumsewu n'kutsetsereka mpaka kukamtsinje. Amayi sanali a kuno. Anachokera ku Ntcheu n'kudzakwatiwa kwa Atonga, ndipo Chitonga chawo chinkaseketsa ngakhale tiana. M'nyumba tinalimo atatu: amayi, ine, ndi mlongo wanga Eneti wa zaka zinayi.

Chinangwa cha m'mundamo anadzala ndi atate asanadwale, ndipo chinali chitalowa chaka chachitatu chili m'nthaka. Chimene amayi anadzala okha chaka chotsatira chinadyedwa ndi chiswe mvula itadula. Tinkakhalira chakalecho basi. Chinali chitakalamba, mkati muli ulusi ngati wa chiguduli, ndipo kondowole wake ankafuna munthu wa mano ndi mtima wopirira.

Chimene chinkandinyansa kwambiri chinali kakololedwe ka amayi. Sankazula. Ankagwada pamtumbira, kufukula mbali imodzi ndi manja, kudula chinangwa chimodzi ndi mpeni, kukwiriranso bwinobwino, mtengo n'kuusiya uli chilili. Mawa lake ankapita pamtumbira wina kutali, ngati munthu wakuba m'munda mwake momwe. Tinkagona m'mimba muli pakatikati, chakudya chili m'nthaka. Tsiku lina ndinawafunsa.

"Ama, bwanji osangozula chonse tidye mokhuta?"

"Zisiye zimenezo, Yotamu. Katunge madzi."

Ndinapita kukatunga, koma mumtima ndinali nditagamula kale kuti vuto la amayi ndi kusapita kusukulu.

Paja ine ndinali ndi matenda owerenga. Ndinkawerenga chilichonse: pepala la sopo, buku la nyimbo la kutchalitchi, zolemba kumbuyo kwa maminibasi. Anzanga ankanditcha Hedimasitala, ndipo ine, mopusa, ndinkayankha. Tsiku lina mchere umene ndinagula pamsika anaukulunga m'tsamba long'ambika la kabuku ka zaulimi. Ndinaliwongola, ndinalipukuta, n'kuliwerenga katatu. Linkanena kuti chinangwa chikakhalitsa m'nthaka chimalimba ngati nkhuni, ndipo mlimi wodziwa amakolola nthawi yake, n'kuyanika, n'kusunga makaka. Ndinamva ngati wolembayo anayenda m'munda mwathu. Tsambalo ndinalipinda n'kulisunga m'thumba la kabudula ngati chikalata cha digiri.

Mu Okutobala, dzuwa likuwotcha mpaka mchenga wosapondeka, Eneti anadwala malungo aakulu. Amayi anamubereka kupita naye kuchipatala ku Chintheche, ndipo anagonekedwa. Pochoka anangondiuza kuti ndizidya kwa akazi a atate aakulu, ndisamayendeyende. Atate aakulu, mkulu wawo wa atate amene tinkawatchula kuti Ada Wili, anali ku Usisya ndi asodzi, ndipo ankayembekezeka kumapeto kwa mwezi.

Ndinaona kuti mwayi wanga wafika. Ndinati amayi akamabwera apeze mwana wawo atawasonyeza ulimi weniweni.

Ndinayamba Lachiwiri m'mamawa, kumsewu. Nthaka inali gwa. Ndinkagumula mtumbira ndi khasu la atate, kugwira mtengo ndi manja awiri, kukoka mpaka kugwa chagada. Chinangwa ndinkaunjika pakati pa munda, mitengo yake ndinkaiponya mulu wina padzuwa. Pofika masana m'manja munali matuza, ndipo madzulo anali ataphulika. Ndinawamanga ndi sanza n'kupitiriza Lachitatu. Bambo wina wokalamba anaima ndi njinga yake pamsewu n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe mwana, amayi ako akudziwa zimenezi?"

"Adziwa akabwera, ada."

Anapukusa mutu n'kupalasa njinga. Ine ndinati akudabwa ndi mphamvu zanga. Lachinayi masana, ndikumaliza mitumbira ya kumtsinje, kunabwera akazi a Ada Wili. Anaima m'malire, manja m'chiuno, n'kuyendetsa maso kuchokera kumsewu mpaka kumunsi.

"Eee, mwana wa mlamu! Wagwira ntchito. Palibe ndi umodzi womwe watsala?"

"Ndi umodzi womwe, ama," ndinatero, chifuwa chili patsogolo.

Tsiku limenelo anandigawira nsomba yaikulu kuposa ya ana awo.

Amayi anabwera Lachisanu masana. Minibasi inawatsitsa pamutu pa munda penipeni. Ndinawathamangira, tsamba langa lija lili m'manja. Anaima, Eneti ali kumsana, n'kuyang'ana munda uli mbee, wofiira, fumbi likuuluka. Anakhala pansi pafumbi pomwepo, ngati thumba logwa pa njinga, osamasula ngakhale mwana. Sanalire. Ankangopumira m'kamwa.

Ndinayamba kuwawerengera tsamba lija. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Pepala lakolo," anatero pang'onopang'ono, "lakuuza kuti mundawu ndi wa yani?"

Pamenepo m'pamene anandiuza zimene zinakambidwa maliro a atate atatha, ife ana atatithamangitsira kutali. Mundawo unali wa banja la atate, ndipo Ada Wili ankaufuna. Munthu wina wa ku Mzuzu ankafuna malo a m'mbali mwa msewu oti amangepo, ndipo mwana wa Ada Wili ankafuna kupita ku Joni kukasaka ntchito. Koma kuno munda umene uli ndi mbewu salanda. Choncho achibale anagwirizana kuti mlamu wawo adye za mwamuna wake, ndipo tsiku limene mundawo udzakhale wopanda kanthu, udzabwerera kwa eni. Mitengo yokalamba ija, imene amayi ankaisamala ngati odwala, ndi imene inkatilondera malo. Ankafuna iime mpaka mvula ya Disembala, adzale china pakati pake, munda usakhale wopanda mbewu ngakhale tsiku limodzi.

Ndinayembekezera ndodo. Ndinaifuna ndithu, kuti mwina ingandipepuze. Amayi anangodzuka, kugoneka Eneti pamthunzi, n'kunena kuti, "Tenga chikwanje."

Tinapita pamulu wa mitengo ija. Ya pamwamba inali itauma kale ndi dzuwa la masiku atatu. Tinafukula ya pansi, kuidula zidutswazidutswa, n'kuyamba kuizika m'mitumbira yogumukayo. Aliyense wa kuno akudziwa kuti chinangwa sadzala mu Okutobala. Anthu odutsa ankatiyang'ana ngati taonongeka mitu. Koma amayi anati Ada Wili akapeza masamba, sangakhudze.

Masiku otsatirawo sindidzawaiwala. Sukulu ndinaisiya. Mbandakucha tinali kale kumtsinje, umene unali utatsala kamadzi kofika m'mapazi. Tinkakumba mchenga, kudikira madzi atuluke, kutunga ndi mbale kuthira mu ndowa, n'kukwera mtunda. Madzi tikathira pamtumbira ankangoti tsee, n'kuzimirira tisanatembenuke. Kufika kumsewu ndi ndowa pamutu kunkatenga nthawi yotunga maulendo atatu a kumunsi. Khosi linkachita ngati lathyoka. Amayi, amene anali atagona pasimenti kuchipatala masiku anayi, ankayenda akuyankhula okha, kuwerenga mitumbira.

Uku mulu wa chinangwa unayamba kuda. Chinangwa chikatuluka m'nthaka sichidikira munthu. Tinkasenda masana dzuwa likakula, kuviika m'miphika yonse ndi m'dzenje la kumtsinje, koma manja anayi sakanatha chakudya cha chaka chathunthu. Chambiri chinachita mizere yakuda mkati, kenako chinafewa, kenako chinanunkha mpaka kumsewu. Ntchentche zinasamukira kwathu. Amayi anaitana anansi kuti atenge chimene angathe, ndipo anthu anabwera ndi madengu, ena akutipepesa, ena akubisa kuseka. Wina anandifunsa ngati Hedimasitala ali ndi phunziro lina mawa.

Patatha sabata ndi theka, kumunsi kunayamba kutuluka timasamba tofiirira, tating'ono ngati khutu la mbewa. Amayi anagwada n'kutiphimba ndi udzu kuti tisapse. Kumtunda kunalibe kanthu. Timitengo tinangoima touma, ndipo tinkatithirirabe.

Ada Wili anafika Lamlungu, ndipo Lolemba m'mawa anatipeza m'munda. Anali munthu wamtali, wowonda, wa maso ofiira ndi mphepo ya panyanja. Sanabwere mokalipa. Anapereka moni, anafunsa za Eneti, kenako anayamba kuyenda kuchokera kumsewu. Pamtumbira uliwonse ankawerama, kukanda kamtengo ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mouma, ankakazula n'kukaponya pambali. Ife tinkawatsatira kumbuyo.

Atafika pakati pa munda, amayi anawadutsa n'kugwada patsogolo pawo.

"Alamu, analakwa ndi mwana. Tidikireni mpaka mvula. Miyezi iwiri yokha."

"Dzukani, mlamu, anthu akuona."

"Ndipita kuti ndi anawa? Kwathu malo anagawana kale. Awa ndi magazi anu."

"Nanga wanga uja si magazi anga?" anatero Ada Wili, mawu ali otsika. "Zaka makumi awiri ndi zisanu, akungokhala pakhonde. Nyanja yatikana, mlamu. Ndabwera ku Usisya ndi thumba la zovala basi. Ndadikira zaka ziwiri, sindinakhudze ngakhale tsamba. Mundawu sindinazule ndine."

Anandiyang'ana ine. Sanali maso a chidani. Ndikadakonda akadakhala otero.

Anapitiriza kukanda ndi kuzula mpaka anafika pa kamtengo kamene mkati munali mobiriwira. Anakayang'anitsitsa, anakanda kena pambali pake, n'kupeza chimodzimodzi. Pamenepo anaongoka, anatenga khasu m'manja mwanga, n'kulemba mzere kudutsa munda wonse.

"Chamoyo sindizula," anatero. "Kuchokera apa kutsika ndi kwanu."

Chimene chinatsala chinali ngati gawo limodzi mwa magawo anayi, kumunsi, kutali ndi msewu, kumene mtsinje umasefukira mvula ikachuluka. Mwezi usanathe, kumtunda kunafika njerwa.

Chaka chimenecho njala inatikwapula. Makaka amene tinapulumutsa analowa anankafumbwe, ndipo pofika Febuluwale tinkadya chigwada chokha ndi nthochi zosapsa zowiritsa. Amayi ankapita kukasenda chinangwa cha anthu kuti awagawireko. Kusukulu sindinabwererenso, moti zonse zimene ndikudziwa lero ndinazitola ndekha m'mabuku obwereka, ndipo mukuona nokha kumene kuwerenga kwanga kunayambira kutifikitsa. Tsiku lina tikupalira kamunda kathu, ndinalimba mtima n'kuwafunsa chifukwa chake sanandimenye.

"Ndikanamenya ndani?" anatero osasiya kupalira. "Iwe unafunsa. Ine ndinakutuma madzi."

Tsopano ndili ndi imvi zoyamba, ndipo amayi anatisiya. Ndikulimabe kamunda komweko. Kumtunda kuli mpanda wa njerwa ndi nyumba zochititsa lendi, ndipo amene akukhalamo sadziwa kuti pansi pa khonde lawo ndinagwerapo chagada kangapo. Mwana wa Ada Wili anabwerako ku Joni ndi chifuwa ndi wailesi. Lero ali ndi ana aamuna atatu opanda polima, ndipo ndimawaona akamadutsa, mmene amayang'anira kumunsi kuno. Sindiwada. Ndikudziwa mmene njala ya malo imayang'anira.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro langa linali lakuti mwana asamadzione wanzeru. Limenelo ndi loona, ndipo ndinalilipira mokwanira. Koma chimene ndachimvetsa mochedwa ndi chimene amayi ananena akupalira. M'midzi mwathu nkhani za malo timazikamba ana titawathamangitsa, pomwe amene adzagone ndi njala chifukwa cha nkhanizo ndi iwowo. Timati tikuwateteza, koma timawasiya akuyenda ndi khasu m'munda umene sakuudziwa.

N'chifukwa chake mwezi wathawu ndinatenga ana anga atatu n'kuyenda nawo m'malire monse. Ndinawauza amene anatipatsa, amene angadzatilande, ndiponso kuti palibe pepala lililonse lotiikira kumbuyo. Wamkulu, mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, anayeza kamundako ndi maso n'kundifunsa kuti, "Nanga atatufe tidzagawana bwanji, ada? Apa sipakwana ngakhale mmodzi."

Pakamwa panga panali patafika kale mawu omutuma kukatunga madzi. Ndinawameza. Ndinamuuza kuti sindikudziwa, kuti ndakhala ndikuganiza zaka zonsezi osapeza yankho, ndipo ndinamupempha akhale pansi tiganizire limodzi.