Madzi a Pampopi mu Injini ya Malume

Chigubu chija chinali chachikasu, cha mafuta ophikira, ndipo chotsekera chake chinatayika kalekale. Malume ankachitseka ndi pepala la pulasitiki n'kumanga ndi mphira wa chubu, ngakhale kuti zigubu zabwinobwino zinali mbwee m'sitolo ya pakona. Ndinkachidzaza pa mpopi wa m'khitchini mwathu, pa nsanjika yachitatu ku Easterhouse, mumzinda wa Glasgow ku Scotland, n'kutsika nacho masitepe onse chikundinyowetsa masokosi. Ndinali ndi zaka khumi. Mpaka lero ndikakumbukira nyengo imeneyo mtima umandiwira, ndipo sindidziwa bwinobwino amene ndimamukwiyira, kaya malume, kaya amayi, kaya ine mwini.

Madziwo anali a galimoto. Kuseri kwa mafulati kunali mzere wa magalaja a zitseko za malata, ndipo m'galaja yachinayi munkagona chilombo cha malume: galimoto yakale ya ku America, ya zitseko ziwiri, boneti yaitali ngati bedi, chiwongolero kumanzere. Anaigula kwa mlimi wina amene ankasungiramo nkhuku. Tsiku limene inabwera pa lole, amayi anasuzumira pawindo n'kunena kuti, "Achimwene, mwagula khola." Pansi pake panali pobowoka moti ukakhala pampando unkaona simenti. Inkanunkha zitosi, dzimbiri ndi chikopa chonyowa.

Malume sankaona zimenezo. Iwo ankaona galimoto ina, imene anaidziwa ali mnyamata ku Limbe, pa galaja imene anaphunzirira ntchito. Inali ya bwana wina wa kuminda ya tiyi, ndipo akuti ikamabwera mawindo a masitolo ankanjenjemera iyo isanaoneke n'komwe. "Nthawi imeneyo galimoto inali chitsulo," ankatero akupala dzimbiri. "Masilinda eyiti, kabuleta, ndi khutu lako basi. Osati tizitini ta masiku ano tofuna kompyuta kuti tikhosomole." Ankaitama nyengo ija ngati kuti woyendetsa anali iwo. Chonsecho ukamvetsera mpaka kumapeto unkapeza kuti ntchito yawo inali kutsuka matayala, kuphazi kopanda nsapato, ndipo chiwongolero sanachigwirepo ngakhale tsiku limodzi. Zimandipsetsabe mtima kuti munthu angapukwe chotero nthawi imene inkamuyendetsa pansi.

Koma ntchito ankaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Anagwira umakanika ku Blantyre mpaka imvi zitayamba, ndipo ankatha kuuza munthu vuto la injini atangoika sikulu dilaiva pachitsulo, chogwirira chake pakhutu. Atafika ku Glasgow mapepala awo sanawerengedwe kanthu. Ankatsuka mabasi. Mawu amenewa pakhomo pathu sankatchulidwa; wina akafunsa tinkayankha kuti ali ku za magalimoto. Kutchalitchi aliyense ankawaitana kuti Amisiri, ndipo iwo ankavomera dzinalo ndi mutu wonse.

Bambo anamwalira ndili khanda, choncho malume ndiye anali mwini mbumba. Achemwali anga atapeza banja, n'kukonza zoti ukwati uchitike Loweruka la Khirisimasi isanafike, malume anaimirira pamaso pa komiti ya ukwati n'kulengeza kuti mwana wa mlongo wawo sakwera galimoto yobwereka. Apita kutchalitchi pa galimoto yawo, yokonzedwa ndi manja awo. Anthu anaomba m'manja. Amayi anayang'ana kudenga. Kuchokera tsiku limenelo ukwati wa achemwali ndi dzina la Amisiri zinakwera khola la nkhuku lija pamodzi.

Nyengo ya masamba ogwa yonse tinathera m'galaja. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza atagona chagada pa katoni, miyendo yokha ikuoneka, akuimba nyimbo ya m'buku chapansipansi. Anawotcherera malata atsopano pansi. Anamasula injini yonse n'kuyala tizitsulo pa nyuzipepala, kalikonse pamalo pake, ndipo ukangosuntha kamodzi unkaona zakuda. Zala zanga zinkanunkha petulo ngakhale nditasamba kawiri, moti anzanga m'kalasi ankasuntha mipando. Penti anasankha yofiira ngati phwetekere wakupsa. Amayi ankadandaula tsiku ndi tsiku za mapoto amene ankasowa m'khitchini n'kukapezeka atadzaza mabawuti, koma madzulo aliwonse ankanditumabe ndi tiyi m'fulasiki.

Injini inalira koyamba mu Novembala. Inayamba yatsokomola, n'kutulutsa utsi wabuluu, kenaka inabangula moti chitseko cha malata chinanjenjemera ndipo phokosolo ndinalimva m'mimba. Nkhunda zinauluka pa madenga. Anyamata a pamalopo, amene ankatiseka masiku onse, anabwera akuthamanga ndipo wina anatukwana chifukwa cha kukondwa. Malume anangoima, nsanza ili m'manja, akumwetulira ngati mwana. Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepo.

M'galaja yoyandikana nafe munali mzungu wina wachikulire, wopuma ntchito, amene ankakonza njinga zamoto. Tsiku lina anandiona ndikuthira madzi m'ladiyeta, napukusa mutu, n'kukatenga botolo la mankhwala abuluu oletsa madzi kuundana kukazizira, aja amati antifirizi. Analankhula zambiri mwachangu, akuloza kumwamba. Malume analandira botololo ndi manja awiri, nathokoza katatu, nawerama pang'ono. Mkuluyo atangotuluka, analiika pa shelefu kuseri kwa zitini za penti. "Madzi autoto awa," anatero. "Amadya mapaipi a galimoto zakale. Ine ndathira madzi a pampopi moyo wanga wonse, injini sinandifere." Kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Mzungu uja anapita kwawo ali wotsimikiza kuti mnzake wamva, poti kuno munthu akakana amakana ndi pakamwa.

Sabata yomweyo aphunzitsi athu anabwera m'kalasi ndi botolo lagalasi. Analidzaza madzi mpaka pakamwa, nalitseka, nalikulunga m'jumbo, n'kuliika m'firiji ya m'chipinda cha aphunzitsi. M'mawa mwake analitulutsa litang'ambika pakati, madzi oundana ataima okha ngati botolo lina. Madzi akauma amatupa, anatero aphunzitsi, ndipo amatha kung'amba ngakhale chitsulo. Mawu oti chitsulo anandilowa ngati minga. Tsiku lonse ndinakhala ndikuyang'ana wotchi.

Tsoka ilo, madzulo amenewo komiti ya ukwati inakumana kwathu. Pabalaza panadzaza: akulu a mpingo awiri, amayi a chigwirizano, ankhoswe a kuchimuna ochokera ku Pollokshields atavala majekete awo olemera. Malume anali pampando wa pakona akufotokoza mmene galimoto idzaimire pakhomo la tchalitchi. Ine ndinalowa ndi chikwama kumsana, osagwada, osapereka moni, n'kuima pakati pa kapeti. Ndinalankhula m'Chingelezi cha ku Easterhouse, mokweza, monga ankatiphunzitsira kusukulu kuti ukadziwa yankho usachite manyazi. Ndinati injini iphulika, madzi a pampopi ndi olakwika, aphunzitsi anena, ndipo mzungu uja anawapatsa mankhwala koma iwo anawabisa kuseri kwa penti.

Mmodzi wa akuchimuna anatsokomola. Mkulu wa mpingo anayang'ana m'kapu yake ngati mwagwera ntchentche. Malume anaseka pang'ono, nafunsa anthuwo, osati ine: "Aphunzitsi akewo anamasulapo injini zingati?" Anthu anaseka mopepukidwa. Amayi anandigwira pamkono, zala zawo zikulowa m'mnofu, n'kundikokera kukhitchini.

"Iwe, unaleredwa ndi ndani? Pamaso pa akuchimuna? Galu wamkota sakandira pachabe, wamva?"

Ndinayankha kuti koma ndi zoona. Anati zoonazo ndikadye.

Patapita zaka zambiri amayi anandiululira kuti ankadziwa kuti ndikunena zoona. Anali atakhala ku Scotland nthawi yaitali kuposa mchimwene wawo, ndipo mapaipi a m'fulati anali atawaphulikirapo. Akuti ndikanawanong'oneza kukhitchini, iwo akanapita kugalaja ndi tiyi, n'kufunsa ngati osadziwa kuti kodi botolo labuluulo ndi la chiyani, ndipo malume akanawaphunzitsa ntchito yake n'kulithira okha. Umu ndi mmene mawu amafikira kwa wamkulu kwathu: amadzera kuseri, kuti akafike ngati nzeru zake. Koma ine ndinali nditawaika pabwalo. Tsopano kuthira mankhwalawo kunali kuvomera pamaso pa akuchimuna kuti Amisiri aphunzitsidwa ntchito ndi kamtsikana ka zaka khumi. Amayi anaganiza zodikira masabata awiri kuti anthu aiwale. Ndimamvetsa, koma ndikamaganiza ndimafunabe kukuwa. Anthu akuluakulu awiri, botolo lili pa shelefu pomwepo, onse akudikira ulemu. Chisanu sichinadikire.

Chinabwera m'sabata ya ukwati. M'mawa udzu unkaphwanyika pansi pa nsapato, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, ndipo pa masitepe anali atawazapo mchere kuti pasaterere. Malume anaona kuti kwazizira ndithu, ndiye anachita zimene ankadziwa: anatenga mabulangete awiri a amayi, aja okhuthala a maluwa, n'kufunditsa boneti, napinda m'mphepete bwinobwino ngati akugoneka wodwala malungo. Ndinafuna kunena kuti bulangete silitenthetsa chinthu chimene chilibe kutentha kwake. Mkono unali ukadali ndi zipsera za zala, choncho ndinatseka pakamwa. Limenelo ndi tchimo langa lachiwiri, ndipo sindidziwa lalikulu ndi liti.

Lachisanu m'mawa tinapita kukaikongoletsa, ine, amayi ndi malume, titanyamula maliboni oyera. Chitseko cha galaja chinali chitamata ndi chisanu ndipo malume anachita kuchimenya ndi phewa. Pansi pa galimoto panali madzi oundana a mtundu wa dzimbiri, atafalikira mpaka kutayala. Anachotsa mabulangete, natsegula boneti, nawalitsa tochi. M'mbali mwa injini munali mng'alu wautali ngati dzanja langa, ndipo madzi oundana anatulukira pamenepo ngati lilime. Malume anayendetsa chala pa mng'aluwo kuchokera kumwamba mpaka pansi, pang'onopang'ono, kawiri. Kenaka anazimitsa tochi. Sanatukwane, sanamenye kanthu. Anangoti, "Madzi omwewa," ngati akunena za mnzawo wakale amene wawatembenukira.

Amayi anapinda maliboni n'kuwaika m'thumba la jekete. Ine ndinatsegula pakamwa, amayi anandiyang'ana, ndinatsekanso. Koma mumtima, ndivomere, ndinkavina.

Achemwali anapita kutchalitchi pa minibasi ya mpingo, diresi atalinyamula m'manja kuti lisakhudze matope. Sanadandaule, akuti chiyambire ankaopa kuti diresi linunkha petulo. Malume anakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, atavala suti yawo yotuwa, mafuta akuda akadali m'zikhadabo. Pakhomo la tchalitchi anthu anali ataima pachisanu ndi makamera, akudikira chilombo chofiira chimene anachimva miyezi itatu. Anaona minibasi. Palibe anafunsa kanthu, ndipo kusafunsako kunamveka kuposa nthungululu.

Kuholo, anthu atadya ndi kuvina, woyendetsa mwambo anaitana mwini mbumba kuti alankhule. Woyendetsa mwamboyo ndi amene anayamba nthabwala, kuti Amisiri atiuze kumene aimika galimoto kuti tikajambulitse. Anthu anaseka, malume anaseka kuposa onse. Analangiza akwati mwachidule, nathokoza akuchimuna. Kenaka anandiyang'ana pamene ndinakhala ndi ana anzanga, nandikodola.

Ndinapita kutsogolo, nsapato zatsopano zikulira pa thabwa. Anandiika dzanja paphewa, lolemera, lonunkha sopo ndi petulo.

"Anthuni, mmisiri wa pabanja pano ndi uyu," anatero pa maikolofoni. "Anandiuza, ine osamva. Ineyo musamandivutitse ndi dzina lija. Ine ndimatsuka mabasi."

Holo yonse inaomba m'manja, ena akuseka poyesa ndi nthabwala ina. Ine ndinatupa ngati finye. Ndinaimirira chilili, ndikumwetulira mano onse, mpaka ndinakweza dzanja ngati wopambana mpikisano wa kusukulu. Ndinasakasaka nkhope ya amayi kuti aone kuti mlandu wanga watha, kuti wamkulu wavomera pamaso pa anthu onse, akuchimuna omwe. Mpando wawo unali wopanda munthu. Ndinawapeza m'kakhonde ka kuzimbudzi, pakati pa majekete opachikidwa, atatseka kumaso ndi mpango wa kumutu, mapewa akugwedezeka. Ndinawagwira m'chiuno n'kuwauza m'Chingelezi kuti asalire, achemwali akungosamukira ku Shawlands, basi imodzi yokha, tizikawaona Lamlungu lililonse.