Kalata ya Dona wa ku Kabulonga

Sukulu ndinaisiyira mu Sitandade 4. Ndinatopa kukwapulidwa ndi mphunzitsi wonunkha m'kamwa, basi. Amayi anandikweza lole ku Katete n'kunditumiza ku Lusaka kwa mlongo wawo, amalume, amene anali khukhi wa azungu ku Kabulonga. Akazi awo ndi ana ankakhala ku Kalingalinga, m'nyumba ya zidina yofolera ndi migolo yophwanya, ndipo ine ndinakadziphatika pamenepo. Amalumewo ankagona kuseri kwa nyumba ya bwana wawo. Kwathu ankabwera Lamlungu masana okha.

Ntchito ndinaipeza pabutchala ina m'tauni. Azungu ankalowera pakhomo n'kumasankha nyama ndi chala. Anthu akuda ankagulira pakawindo ka kumbali, ndipo pakawindopo ndi pamene ankandiimika ine, kukulunga mafupa ndi mitsempha m'manyuzipepala akale. Tsiku lonse kunali kutukwanidwa.

"Iwe, ichi ni chani? Nyama kapena nsapato?"

Ngati kuti ng'ombeyo inali ya abambo anga. Ukabweza phukusi mkati, mzungu wa butchalayo akukugunda ndi bondo. Ukalitulutsanso, mayi wina akukulavulira pamkono. Ntchentche zinkanditsata mpaka kunyumba. Chabwino chinali chimodzi, manyuzipepala aja. Mzere ukachepa ndinkawerenga pamene sipanadonthere magazi, ndipo Chingerezi changa sichinafe. Tsiku lina mzungu anandipeza ndikuwerenga, anandikwapula kumaso ndi mchira wa ng'ombe. Anati sanandilembe kuti ndikhale loya.

Lamlungu ndilo linali loipa kuposa masiku onse. Amalume ankafika atavala buluku loyera, akununkhira anyezi ndi sopo wa dona, n'kukhala pampando, womwe pakhomopo unalipo umodzi wokha.

"Ba kalaliki alipo? Bwerani mutivule nsapato, ba kalaliki. Sitandade folo yonse yathera m'matumbo a ng'ombe."

Anthu a nyumba zoyandikana ankaseka, chifukwa ankawabweretsera makoko a buledi. Iwo ankapitiriza. "Ine pasukulu sindinapondepo, koma mabwana a boma amadya vophika ine. Uyu wophunzira, agalu ndiwo amam'perekeza." Kenako ankandilankhula Chilapalapa cha kukhitchini, chomwe iwo ankati ndi Chingerezi, n'kundiuza kuti ndiyankhe ngati ndine mwamuna. Zaka ziwiri ndinawavula nsapato.

Azungu awo akale atabwerera kwawo, m'nyumbamo munalowa dona wina wachitsikana. Anapirirana miyezi itatu, kenako donayo anawachotsa ntchito amalume n'kuwapatsa kalata yokaonetsa kwina. Masiku amenewo munthu ukachotsedwa ntchito, ku boma ankakupatsa kapepala kofunira ina, ka masabata owerengeka. Kakatha pachitupa chako palibe dzina la bwana watsopano, unali munthu wongodikira apolisi kuti akukweze lole ya kumudzi. Amalume anali atakhala m'tauni zaka makumi awiri. Kumudzi analibe munda, analibe nyumba, ndipo abale onse anali atawanyoza kale kuti ndi anthu osadziwa foloko.

Tsiku lochotsedwa ntchitolo anafika kwathu Lachitatu, ali ndi katundu pamutu, koma akumwetulira. Anaitana mmisiri wa njerwa wa nyumba yakumbuyo ndi mayi wina wophika mowa kuti adzamve zimene mzungu wawalembera.

"Samba m'manja," anandiuza. "Ndi sopo. Ukununkha chiwindi. Tione ngati m'mutu umu munatsalako kanthu."

Kalatayo inali ya mizere isanu. Inkati munthu uyu kuphika amatha, koma ndi wokalamba, samva zomuuza, ndipo amayankha ngati nyumba ndi yake. Inkati shuga ndi tiyi sizichedwa kutha makiyi akakhala kwa iye. Mzere womaliza unkati amene am'lembe ntchito aziwerenga masipuni.

Ndinawayang'ana. Anali atapingasa miyendo, chibwano m'mwamba.

"Akuti munthu uyu ndi khukhi weniweni," ndinatero. "Wokhulupirika, waukhondo, waulemu. Akuti amene am'lembe ntchito wachita mwayi."

"Mwamva?" anafunsa anthu aja. Kenako analoza ndi chala papepala. "Nanga apa? Apa palembedwa shuga. Ndimadziwa, ndi mmene amalembera pachitini."

"Akuti makeke anu shuga amakhala wokwanira bwino."

"Dona uja," anatero akupukusa mutu. "Ukali wonse uja, koma mtima ali nawo."

Anthu atabalalika ndikanatha kuwauza zoona. Sindinawauze. M'mawa mwake anatulutsa chitini cha mabisiketi, momwe munali makalata anayi a azungu awo akale, achikasu, othothoka m'mapindiro. Ndinawawerenga. Onse anali abwino, ena ankawatamanda mpaka supu. Anandifunsa kuti anyamule ati.

"Akalewa asiyeni," ndinatero. "Azungu amati munthu anasintha. Amafuna yatsopano. Tengani yokhayo."

Anaikulunga m'kansalu, anapukuta nsapato okha, n'kunyamuka wapansi.

Madzulo aliwonse ankabwera fumbi mpaka m'mawondo, ndipo ine ndinkafulumira kuweruka kuti ndikamve.

"Dona wa ku Woodlands waseka mpaka waitana mnzake wa nyumba ina kuti awerengeko. Wati malo palibe. Koma kalata waikonda."

"Anaseka bwanji, amalume?"

Ankandionetsa mmene dona anasekera, dzanja pakamwa. Ndinkawafunsa kuti abwereze. Bwana wina anawerenga, n'kulowetsa m'nyumba thireyi ya tiyi yomwe inali pakhonde, ndipo amalume anati mzunguyo ankafuna kukawakonzera malo okhala, koma foni inam'chedwetsa. Kuntchito wina akandilavulira, ndinkaganiza za amalume ataima pageti, chipewa m'manja, ndipo ndinkakulunga mafupa ndikuimba mluzu.

Sabata yachiwiri anasiya kunditcha ba kalaliki. Anayamba kunena kuti "mwana wa mlongo wanga". Pakudya ankakankhira nthuli yaikulu mbali yanga, ana awo akuyang'ana, ndipo ndinkaidya. Akazi awo anayamba kuyala buluku loyera lija pansi pa mphasa kuti liwongoke, chifukwa makala a simbi anali atatha. Tsiku lina amalume anandipempha kuti ndiwaphunzitse mawu a m'kalatayo pamtima, kuti aziwanena okha dona asanatsegule envulopu. Ndinawaphunzitsa mawu anga aja m'Chingerezi. Ankawabwereza kuseri kwa nyumba ngati mwana wa katekisimu.

Patatsala masiku anayi kuti kapepala kathe, ndinawapeza atabwera msanga. Ana anali atawatuma kumpopi, akazi awo kumsika. Khukhi wina wa ku Rhodes Park, munthu wa ku Nyasalande amene anaphunzira ku mishoni, anali atawawerengera kalatayo pageti.

"Werenganso," anatero.

Ndinawerenga zenizeni, pang'onopang'ono, mzere umodzi m'Chingerezi, kenako m'Chinyanja. Sindinadumphe liwu.

"Masipuni," anatero. Kenako anandiyang'ana. "Tsiku lija unaona bwino?"

"Ndinaona bwino."

"Ndi akale aja unaona bwino?"

"Ndinaona."

Ndinadikira mbama. Ndinkaifuna, kuti nanenso ndibwezere. Iwo anangopinda kalata ija momwe inapindidwira, n'kuibwezera m'kansalu.

"Anthu apa usawauze," anatero.

Masiku anayi otsalawo ananyamula makalata akale aja. Koma mageti onse anali atagogodapo kale, ndipo madona amauzana pa tiyi. Anthu osamalira maluwa ankawabweza asanafike n'komwe pakhonde. "Ni mdala wa shuga uja. Pitani, ba mdala, dona agona." Ku Ridgeway galu anawang'ambira buluku.

Apolisi sanawadikire. Loweruka m'mawa anakwera lole ya kummawa ndi akazi awo, ana atatu, mpando ndi mapoto. Anthu anauzidwa kuti kumudzi kwabuka nkhani za banja zofuna munthu wamkulu. Mayi wa mowa uja analira, n'kutukwana azungu kuti munthu wa kalata yabwino chonchi angam'siye bwanji. Ine ndinkakweza mitolo.

Lole italira, amalume anasuzumira pansi n'kulankhula mokweza kuti onse amve.

"Uyu ndikum'siya konkuno. Amene ali ndi kalata ya mzungu azim'patsa. Amawerenga bwino."

Ankandiyang'ana ine ponena zimenezi, osaphethira.

Anthu anawamvera. Lamlungu lililonse ankabwera pakhomo: makhukhi, ochapa, olera ana, aliyense ndi kansalu kake. Ankakhala pansi n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinkawawerengera zimene zalembedwa, waulesi ndimuuze kuti akuti ndiwe waulesi, wakuba ndimuuze kuti akuti ndiwe wakuba, anzake akumva. Mayi wina anandilanda kalata ndisanamalize, anati ndine mwana woipa mtima, Chingerezi sindichidziwa. Anapita nayo ku Woodlands tsiku lotsatira kukafunira ntchito.