Matayala Obwereka

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale mayi anga ondibereka. Kapepala ka COF kali pagalasi la galimoto yathu, kosonyeza kuti inayesedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu, tinakapeza ndi matayala a eni. Fomu ndinalemba ndine. Kusayinanso ndinasayina ndine, poti galimotoyo ili m'dzina langa.

Ndi kagalimoto ka mipando isanu ndi iwiri, ndipo kanali katakalamba kale pomwe tinkakagula. Masana amuna anga, bambo a Tadala, amanyamula anthu pakati pa Mulanje Boma ndi Mission. Koma m'mawa uliwonse amayamba atula ana khumi ndi mmodzi kusukulu ya mkaka, mmodzi mwa iwo Tadala wathu wa zaka zinayi. Makolo a anawo ndinawapeza ndine, khomo ndi khomo. Ankati, “Ngati ndi inu, mayi a Tadala, munthu wa ku koleji, palibe vuto.” Ntchito ya satifiketi yanga yathera pomwepo.

Ulendo wokayesetsa galimoto, woyamba ine kupita nawo, tinanyamuka Lachinayi cha m'ma 6 koloko m'mawa, sabata ya holide, Tadala titamusiya kwa aneba. Ndinkaganiza kuti tikulunjika ku Blantyre, koma pa Chitakale tinakhotera kwa alamu anga, a Makwinja, amene ali ndi galimoto yonga yathuyi, kungoti yawo ndi yatsopanoko. Tinapeza ili pa njerwa, matayala anayi atayedzamira khoma.

Kusintha kunatenga theka la ola. Pamwamba pa matayala anatibwerekanso chozimira moto, matrayango awiri ochenjezera pamsewu ndi babu la kumbuyo. Mwala umene timaponderera tayala tikaima pamtunda anautsitsa, ndipo bambo a Tadala analowa kunsi kukakoka waya wa handibuleki kuti ugwire, lero lokha.

“Pofika 3 koloko akhale atabwera,” anatero alamu. “Lero ndaluza kale ulendo wa ku Muloza.”

“Bwanji osangoika athuwa pa yanu, muziyendera?” ndinafunsa.

Anayang'ana matayala athu, n'kuseka. “Awa? Alamu, ine ndili ndi ana.”

Titabwerera mumsewu ndinafunsa amuna anga ngati zimenezi n'zololedwa.

“Aliyense amatero, mayi a Tadala. Galimoto imapita ku mayeso ngati mkwatibwi. Diresi labwereka, nsapato zabwereka, koma ukwati umamangidwa.”

Sitikanapita opanda anthu, mafuta akudulamu. Tinakweza asanu ndi atatu a ku Limbe, faivi sauzande aliyense, kudzera msewu wa Midima. Pa Nkando panakwera bambo wina wachikulire ndi thumba la nanazi, limene anandisenzetsa pamiyendo osapempha.

“Adalaivala, lero mukununkhira sopo muno. Kuli chinkhoswe?”

“Ikukalemba mayeso, madala.”

“Ehe! Chaka chino matayala ndi a ndani?”

Galimoto yonse inafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka, musandione chonchi. Ndipo ndisaname, ulendowo unali wokoma. Kwa nthawi yoyamba chiwongolero sichinkanjenjemera, ndipo pokhota sindinagwire mpando. Ndinazindikira kuti ndinali nditaiwala mmene galimoto imayendera ikakhala bwino.

Anthu tinawatsitsa mu Limbe, ndipo koyesera magalimoto tinafika itangokwana hafu naini. Dzina la malowo sinditchula, poti iwo sanalakwe kanthu. Musaganize kuti tinahonga munthu. Woyesayo anali bambo wa ovolosi yabuluu, wosaseka, wodziwa ntchito yake. Anayeza mizere ya matayala ndi kachitsulo, anayatsitsa magetsi onse, anaimitsa galimoto pa makina oyesera mabuleki, kenako analowa m'dzenje ndi tochi kukaona kunsi. Chitseko chokoka cha galimoto yathu sichitseguka ukakhala mkati, koma bambo a Tadala anachita kumutsegulira ali panja, mwaulemu, ngati akulandira bwana.

Ine ndinaima pamthunzi ndi envelopu ya mapepala, ndikupemphera. Poyamba ndinkapempha kuti ikhoze, poti ndi imene imatidyetsa. Bamboyo atalowa m'dzenje muja ndinangodzipeza ndikupempha kuti apeze kanthu, kalikonse, ailepheretse, kuti wokana akhale iyeyo osati ine.

Anatuluka akupukuta manja. “Eni ake ndinu, mayi? Nkhalambayi mukuisamala.”

Ndinati zikomo. Aka n'kachinayi galimotoyi kukhoza, chaka ndi chaka, osabwerezapo. Kunyumba ndinkachita kunyadira.

Masana bambo a Tadala anandigulira chipisi ndi mazira pachiwaya mu Limbe, chinthu chimene sanachite chibadwire Tadala. Anali okondwa ngati wakhoza ndi mwana wawo. Ine chipisicho ndinangodyako pang'ono. Cha m'ma 1 koloko tinadzazanso anthu n'kuyamba kubwerera, phiri la Mulanje likukula kutsogolo kwathu.

Pa Chitakale tinafika 3 koloko itadutsa pang'ono. Alamu anali pamsewu, manja m'chiuno. Jeke, sipanala, ndipo zonse zinabwerera kwawo: chozimira moto, matrayango, mpaka kababu kaja. Matayala athu akumangidwa ndinagwada n'kusisita lakutsogolo. Linali losalala ngati mbale, ndipo m'mphepete waya anandibaya chala mpaka kutuluka magazi.

“Bambo a Tadala, tigule awiri okha, akutsogolo.”

“Mwezi wamawa.”

“Chaka chatha munatinso mwezi wamawa.”

“Ndiye tiimike galimoto? Muzidya satifiketi yanuyo?” Ananyamula mwala uja n'kuubwezera kunsi kwa mpando. “Ndimayenda pang'onopang'ono ndikatenga ana. Mwana wanga yemwe ndingamuphe?”

Ndinapukuta magazi pachala changa. Si munthu woipa, ndipo amayendadi pang'onopang'ono. Koma kuno mvula sichita kupangana nawe, ndipo njira ya kusukuluko ili ndi chitsikira chothera pamlatho.

Tikutuluka pa Chitakale tinakweza mayi a Yamikani, amene amathyola tiyi ku esiteti. Mwana wawo amakhala pambali pa Tadala m'mawa uliwonse. Anaona kapepala katsopano pagalasi n'kuomba m'manja.

“Yakhozanso! Ambuye alemekezeke.” Anatulutsa nthochi m'jumbo n'kundipatsa. “Mukudziwa, asisi, ine ndikamathyola tiyi mtima umakhala m'malo. Anzanga amati magalimoto akalewa ndi mabokosi a maliro. Ine ndimawauza kuti, imeneyo ayi. Mwana wa eni ake amakwera momwemo.”

Nthochizo ndinalandira ndi manja awiri. Pakamwa panga panatuluka “zikomo” yekha. Tinafika kunyumba dzuwa likadalipo, ndipo Tadala anathamangira galimoto, osati ine.

Chimene ndinaphunzira pa ulendowu n'choti woyesa amayesa galimoto ya tsiku limenelo. Ya masiku ena onse amaidziwa ndi eni ake, ndipo eni akewo ndine.

Sukulu itatsegulira Lolemba, Tadala sindinamukweze. Ndinauza bambo ake kuti wayamba kusanza m'galimoto. Anandiyang'ana, n'kupita kukaliza galimoto. Tsopano ndimamuperekeza wapansi, mphindi makumi anayi, pena kumubereka ngakhale wakula. Mayi a Yamikani atamva anandibweretsera mandimu, ati azinunkhiza, mseru utha, abwerere kwa anzake.

Ana khumi aja akukwerabe. Galimoto imatipitirira pafupi ndi mlatho, ndipo Yamikani amatulutsa dzanja pawindo akukuwa dzina la Tadala. Ine ndimaima, osapuma, mpaka iwoloke. Ndikaulula kwa makolowo, m'nyumba mwathu mulowa njala, mwinanso banja lithera pomwepo. Ndikakhala chete, mandimu aja ndizingolandira. Ndapulumutsa mmodzi, wanga. Inu amene muli ndi ana, ndiuzeni: pamenepa ndachita bwino?