Kuwelenga nyenyezi m'Chizungu

Malaiti atazima dzulo, ndinaona nyenyezi zochuluka ngati za kwathu ku Mphamba, ndipo ndinaseka ndekha.

Ndili Giledi 4, aphunzitsi athu a Nyirenda anatipatsa homuweki yowelenga nyenyezi. Anati tizimitse koloboi, tigone chagada pabwalo, tidikile mpaka maso azolowele mdima. Amama atamva anakalipa.

"Iwe Tiwonge, wowelenga nyenyezi amakodza pamphasa!"

Ndinaopa mkwapulo wa a Nyirenda, ndinaopanso kuyanika mphasa anthu akuona. Mkulu wanga Esnati, amene ndinkagona naye mphasa imodzi, ndiye anapeza nzelu.

"Nyenyezi za kuno zimamva Chitumbuka chokha. Welenga m'Chizungu, sizidziwa."

Tinagona kuseli kwa nkhokwe, makoko a nshawa akutibaya kumsana, ine n'kumanong'ona kuti wani, thuu, fili. Ndili pa fote, Esnati anaiwala, nakuwa m'Chitumbuka: "Wona, zitatu zila!"

M'mawa mphasa inali yonyowa pakatikati penipeni.

Lelo Esnati ali ndi zidzukulu, koma tikakumana amaumililabe kuti iye analibe mlandu, nyenyezi za ku Mphamba zinapita kusukulu.